Mphindi Imodzi ya Bambo pa Tepi ya Ukwati

Bambo anga tinawaona akuvina kamodzi kokha. Kunali pa ukwati wa achimwene anga, mu holo ya tchalitchi chathu ku Zingwangwa, ndipo munthu wa kamera anawajambula mwangozi, chifukwa iye ankalunjika pa keke yomwe inali kumbuyo kwawo. Bambo anali munthu wouma, wa ntchito ya njanji ku Limbe, amene pa zikondwerero ankakhala pampando wakutsogolo manja ali pamawondo, kumayang'ana anthu ngati akuwasungira milandu. Koma tsiku limenelo woika nyimbo anaponyamo ya valimba, ya kwathu ku Nsanje, ndipo mkuluyo anangodzuka, jekete ili m'thupi, n'kuyamba kugwedeza mapewa. Sizinapitirire mphindi imodzi. Atamva nthungululu anakhala pansi n'kukonza tayi, ndipo sanafune kuti nkhaniyo itchulidwenso pakhomo.

Tepi ya ukwatiwo inagona m'kabati zaka zambiri. Deki yathu inayamba kutafuna matepi, kenako inafa, ndipo palibe amene anaganiza zogula ina chifukwa aliyense anali atasamukira ku zimbale. Bambo anamwalira m'nyengo ya mvula, pamene msewu wotsikira ku Chigwa cha Shire sudalirika, ndipo amayi anagamula kuti aikidwe konkuno m'tauni. Ananena kuti bambo anawauza okha m'chipatala kuti asadzavutitse ana ndi ulendo wa maliro. Vuto linali lakuti palibe wina amene anamva mawuwo. Azakhali, mlongo wawo wamkulu wa bambo, amene ankakhala ku Bangwe, anabwera ku maliro, analira, anaphika, koma kuchokera pamenepo akamalankhula ndi amayi ankayang'ana pambali.

Patapita zaka ziwiri ndinaganiza zowasangalatsa amayi. Ine ndine mzime, ndipo panthawiyo ndinali ndekha wotsala nawo pakhomo. Ndinkagwira ntchito yotaipa makalata mu ofesi ina m'tauni, ndiye pachibale ankanditchula kuti wa makompyuta, ngakhale zomwe ndinkadziwa zinali kutaipa ndi kuzimitsa basi. Mnzanga wa kuntchito anandiuza za bambo wina ku Ndirande, pafupi ndi msika, amene ankasamutsa matepi akale kuwaika pa zimbale. Ndinapita nayo tepiyo Loweruka lina. Kashopu kake kanali kopanikiza, kodzaza ndi anthu odzalowetsa nyimbo m'mafoni, ndipo pashelefu panali madeki atatu, awiri ake ophwasulidwa kale kuti azichotsamo zipangizo. Anaiyang'ana tepi yanga pawindo, n'kundisonyeza timadontho toyera mkati mwake.

"Yachita chuku iyi, sisi. Tiyesa, koma mwaichedwetsa."

Patatha masiku atatu ndinakatenga chimbale, osachionera n'komwe. Ndinali ndi changu chofuna kuyamikiridwa, ndipo khalidwe limeneli sindinathane nalo mpaka lero.

Tinachionera Lamlungu titabwera ku Misa, pa TV yopyapyala imene achimwene anatumiza kuchokera ku Joni. Ndinaitananso azakhali, poganiza kuti kuona mlongo wawo kungawafewetse mtima. Poyamba zonse zinali bwino. Ansembe anaoneka bwino, mkwatibwi atazyolika anaoneka bwino, tinaseka masitayilo a tsitsi a nthawi ija. Kenako valimba inalira, bambo n'kudzuka. Pa TV panali abambo awiri. Mutu wina kumanzere, wina kumanja pang'ono, yonse yotuwa, yoonekera mkati ngati nsalu yotha, mikono inayi ikupita uku ndi uku. Atakhala pansi n'kugwira tayi, anabwereranso kukhala munthu mmodzi.

"Bwezera," anatero azakhali. "Imitsa pamenepo."

Ndinaimitsa, ndipo poimitsapo zinaipiratu. Nkhope ziwirizo zinangotiyang'ana.

"Nkhabe, izi si zabwino," anatero azakhali, Chisena chitawatulukira monga chinkachitira akakhudzidwa. Anatembenukira kwa amayi. "Mwaona, alamu? Munthu uyu sanafike. Waima panjira, mwendo wina kuno, mwendo wina kwawo. Ndinanena ine."

Ndinayesa kunena kuti ndi makina chabe. Ndinawasonyeza mayi wina pakona ya chithunzi amene ankaomba m'manja, manja ake nawonso ali anayi. Azakhali anasendera pafupi, anamuyang'anitsitsa, n'kundicheukira.

"Ameneyu si uja wa ku Manje? Anamwalira chaka chatha, iwe sukudziwa?"

Asananyamuke, azakhali analengeza kuti Lamlungu lotsatira abwera ndi abambo aang'ono awiri, kuti akambirane zokatapa dothi pamanda n'kupita nalo ku Nsanje, ndiponso kuti amayi apepese pamaso pa abale chifukwa chomusiya munthu kuchilendo. Amayi anawaperekeza mpaka pamsewu monga mwa nthawi zonse, n'kubwerera kudzatsuka makapu.

Sabata imeneyo sindinakhazikike. Ku ofesi ndinkataipa kalata imodzi katatu. Ndikakhala pansi ndinkafuna kuimirira, ndikaimirira ndinkasowa kopita. Ndinawaimbira achimwene ku Joni, koma iwo, pokhala kutali ndi utsi, anangoti tizichita zomwe akuluakulu anena kuti pachibale pakhale mtendere. Ndinadula foni asanamalize. Amayi anasiya kudya bwino, ndipo Lachitatu sanapite ku mphakati, kumene akhristu a m'dera lathu ankakumana kupemphera, chinthu chomwe sankaphonya ngakhale akudwala malungo. Ndikaweruka ndinkawapeza atakhala pamkeka patsogolo pa TV yozimitsa, kolona ili m'manja. Ndinkaona kuti mantha akuwadya, ndipo amene anabweretsa manthawo m'nyumba ndinali ine ndi kamphatso kanga. Zinkandipsetsa mtima kwambiri, koma mkwiyowo ndinalibe poutula.

Lachinayi ndinanama ku ntchito kuti dzino likundiwawa. M'mawa ndinatulutsa chimbale m'kamakina koonetsera, n'kutenganso tepi m'kabati.

"Ukupita nacho kuti?" anafunsa amayi ali pakhomo la khitchini.

"Kukachikonza."

"Chisiye, mwanawe. Sichinandilakwire."

Sindinawamvere. Inali nthawi ija ya mizere ya mafuta, maminibasi akusowa. Ndinaima pa siteji mpaka mapazi kuyabwa, kenako ndinangouyamba wapansi kudzera ku Nkolokosa, n'kukapeza minibasi ya ku Ndirande kutsogolo. Ndinafika thukuta lili kamukamu, ndipo sindinapereke ndi moni womwe. Ndinaponya chimbale patebulo.

"Achimwene, bambo anga anali mmodzi. Inu mwandipatsa awiri. Winayo mwamutenga kuti?"

Sanakwiye. Anachiika mu kompyuta, anaonera, n'kuseka pang'ono, ndipo ndinatsala pang'ono kumugenda ndi chikwama. Nditamufotokozera za azakhali anasiya kuseka. Anatambasula zala za manja ake onse awiri n'kuzilowetsana, chala cha uku, chala cha uku.

"Onani, sisi. Kamera zakale sizinkajambula chithunzi chonse nthawi imodzi. Zinkajambula mizere. Dzanja ili ndi mizere yoyamba, yodumpha umodziumodzi. Pakapita kanthawi kochepa kuposa kuphethira, imajambula mizere yotsala ija, ndiye dzanja linzakeli. TV zakale za chimimba zija zinkaonetsa dzanja ili kaye, kenako ili, diso lanu n'kumalumikiza lokha. Koma kompyuta imafuna manja onse awiri pakamodzi. Munthu akakhala phee palibe vuto. Koma akamavina ngati madala anuwa, pofika dzanja lachiwiri amakhala atasuntha kale."

Anati zikasiyidwa choncho, chilichonse choyenda chimatuluka ndi mano ngati a chipeso m'mbali mwake, ndiye pamafunika kuchotsa manowo. Ntchito imeneyi ankaitchula kuti deinterlace, mawu amene ndinachita kumupempha kuti andilembere papepala. Njira zake zilipo zingapo. Iye ankangodina yosakaniza mizere iwiriyo pamodzi, chifukwa ndi yachangu ndipo makasitomala amakonda zosalala. Ambiri ankabweretsa matepi a maliro ndi a misonkhano ya tchalitchi, anthu atakhala pansi, ndiye palibe amene anadandaulapo.

Ndinamufunsa ngati angailekanitsenso mizereyo. Anapukusa mutu, nati shuga akasungunuka mu tiyi sabwereranso m'supuni. Pankafunika kuyendetsanso tepi kuyambira poyamba, ndipo ulendo woyamba uja inasiya chuku chambiri m'deki moti anachita kupukuta ndi thonje la sipiriti. Ikhoza kudutsa, ikhozanso kuduka.

Ndinatenga chimbale chija patebulo n'kuchithyola pabondo. Chinalimba, chinayamba chapindika, kenako chinaphulika tizidutswa pansi ponse. Ndinamva bwino kwa kanthawi kochepa. Tili mkati motola tizidutswato magetsi anathima. Ndinadikira pabenchi panja, pakati pa wosoka nsapato ndi mayi wogulitsa zitumbuwa, kumadzuka kukasuzumira babu kenako kukhalanso, mpaka dzuwa linapendeka magetsi osayaka. Kunyumba amayi anayang'ana manja anga, koma sanafunse kanthu.

Lachisanu dzino langa linapitiriza kuwawa. Magetsi analipo. Bamboyo anakana kuthamangitsa tepi kuti tifike msanga pa gule, akuti kukoka mwamphamvu ndi komwe kumadula, ndiye tinaonera ukwati wonse kuyambira pakhomo la tchalitchi. Sindinkadziwa kuti ukwati wa achimwene unali wautali choncho. Ulaliki, malumbiro, kwaya, malangizo a ankhoswe a mbali zonse ziwiri, aliyense akuyamba ndi kulonjeza kuti sachulutsa gaga m'diwa. Ine ndinkatuluka, kulowa, kuluma zikhadabo, khutu lili pa deki, imene inkalira mosinthasintha. Aliyense wolowa kudzafuna nyimbo ndinkamuyang'ana ndi diso loipa, poopa kuti agunda waya.

"Sisi, khalani pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ilibe azakhali ku Bangwe," ndinamuyankha.

Kenako valimba inalira. Bambo anadzuka, anavina, anakhala pansi, anakonza tayi. Tepi inapitirira mpaka pa kudula keke, pamenepo deki inakhosomola, chithunzi n'kusanduka mchenga wokhawokha. Potsegula tinapeza tepi itakulungana mkati ngati matumbo a nkhuku. Keke ya achimwene inathera pompo, ndipo sindinailire.

Tsopano kunatsala kusankha. Ulendo uno anali atasunga mizere yonse momwe inachokera mu tepi, osaikhudza, ndiye anadula kachigawo ka gule n'kundionetsa njira iliyonse. Chosakonza chinali ndi mano a chipeso aja, mapewa a bambo atang'ambikang'ambika m'mbali. Chosakaniza ndinachidziwa kale, sindinafune kuchiyang'ananso. Njira ina inali yotaya dzanja limodzi la mizere n'kusiya limodzi. Bambo anakhala mmodzi, inde, koma ankavina modukizadukiza, ndipo maso awo anafufutika, kungotsala timabowo tiwiri takuda.

"Iyi ndiye ingakuthandizeni," anatero. "Itha lero lomwe, mupita nacho chimbale chanu. Azakhali anuwo akufuna munthu mmodzi, si uyu?"

"Nanga theka linalo lapita kuti?"

"Tataya."

Ndinakana. Pa moyo wonse wa bambo tinali ndi mphindi imodzi yokha ya gule, ndipo munthu ankandiuza kuti nditayeko theka kuti ndikakwere minibasi msanga. Ndinafunsa ngati palibe njira ina. Anakanda m'mutu, n'kunena kuti ilipo imene saikonda chifukwa imailemetsa kompyuta yake. Imeneyo sitaya kanthu ndiponso sisakaniza. Dzanja lililonse limakhala chithunzi pachokha, motsatana monga kamera inazionera, ndipo mizere yosowayo kompyuta imadzaza poyang'ana yoyandikana nayo. Anayesa timasekondi tochepa, ndipo tinadikira nthawi yoti munthu n'kuwiritsa tiyi n'kumwa. Zitatuluka ndinaona bambo anga enieni, phewa likutsika n'kukwera mosadukiza, milomo ikuyenda. Ndinali ndisanadziwe kuti povinapo ankaimba nawo nyimboyo. Ndinalira pamaso pa anthu odzafuna nyimbo aja, osasamala.

Anati kompyuta igwira ntchitoyo mpaka mawa, magetsi akalola. Mwamwayi analola.

Loweruka masana ndinafika kunyumba ndi chimbale chatsopano, ndikudzimva ngati ndawina mlandu. Ndinawakhazika amayi pampando, n'kuthamangitsa mpaka pa gule. Bambo anadzuka ali mmodzi, anavina ali mmodzi. Ndinabwereza kawiri. Kenako ndinalowetsana zala zanga monga anandionetsera bambo wa ku Ndirande uja, n'kufotokoza zonse, mizere, manja, chipeso, ndikunyadira ngati ndinazitulukira ndekha. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Iwo sanali munthu wovuta kumva zinthu, ndipo ndinaona pankhope pawo nthawi imene anamvetsa.

"Ndiye kuti sanabwere," anatero.

"Ayi, amayi. Anali makina. Palibe chomwe munalakwa, musaopenso."

"Ndani anakuuza kuti ndimaopa?"

Anayang'ana pa TV, pomwe ndinali nditawaimitsa bambo dzanja lili pa tayi.

"Iwe ukapita ku ntchito ndimachiika chija, ndimaimitsa pamene ali awiri paja, ndiye ndimacheza nawo. Amodziwo ndi a pa ukwati, ndimawadziwa. Enawo ndimati ndi a panopa, abwera kudzandiona. Ndawauza za denga lomwe likudontha, za mwana wa achimwene ako, za alongo awo momwe akundichitira. Ndinawafunsanso ngati ndinamva bwino m'chipatala muja, chifukwa mawu anali atayamba kuwathawa. Zaka ziwiri zonsezi ndinalibe womufunsa. Chakale chija chili kuti?"

Ndinawauza zoona, kuti ndinachithyola. Sanandikalipire, ndipo zikanandipepukira akanandikalipira. Anangoti chabwino, n'kudzuka kukaanula zovala pachingwe. Ndinawatsatira ndikupepesa, koma pepani sapoletsa chilonda. Iwo ankangondipatsira zovala kuti ndizipinda.

Lamlungu azakhali anabwera ndi abambo aang'ono aja, onse nkhope zili zamlandu. Ndinaika chimbale, osafotokoza za mizere, chifukwa mphamvu zake ndinalibenso. Azakhali anaonera, analamula kuti ndibwezere, anaoneranso atabwereka magalasi a mmodzi mwa abambowo.

"Wafika," anatero potsiriza, akuchita chizindikiro cha mtanda. "Sabata yonse ino ndakhala ndikumupempherera kolona m'mawa ndi madzulo. Mwaona, alamu, pemphero silipita pachabe."

Nkhani ya dothi inathera pomwepo, ya kupepesa sinatchulidwe n'komwe. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire bambo, azakhali anawayang'ana amayi m'maso potsanzika. Zomwe ndinathamangira sabata yonse zinali zitatheka, koma sindinamve kukoma kulikonse.

Lolemba nthawi ya nkhomaliro ndinakweranso minibasi ya ku Ndirande. Bamboyo atandiona anagwira mutu, poganiza kuti ndabwera ndi dandaulo lina. Ndinamufunsa ngati mizere yosakonza ija ikadalipo mu kompyuta. Anati ilipo, anali asanafufute.

"Mundipangirenso cholakwika chija, achimwene. Chosakaniza."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma sanafunse chifukwa. Sizinachedwe, njira imeneyo ndi yachangu.

Nditaweruka ndinachiika m'kamakina, n'kuimitsa pamene bambo ali awiri. Ndinanyamuka kuti ndiwasiye amayi okha, koma anandigwira mkono kuti ndikhale. Anayang'ana nthawi yaitali, mutu utapendekeka, milomo itatseguka pang'ono ngati akufuna kuyamba kulankhula. Ndinadikira.

"Ndikungoona mizere yako ija," anatero. "Zimitsa, mwanawe."